Kompyuta yowerenga ubongo ibwere, koma ipeze mankhwala a khunyu alipo

Munthu wodwala khunyu akagwa pabwalo la nyumba yake kumtunda, kawirikawiri amadzuka ndi tizilonda, n'kupuma pang'ono, mawa lake ali kumunda. Koma akagwa ali m'bwato usiku ku Usisya, kapena akutsuka mbale m'madzi olekeza m'mawondo ku Kande, nkhani yake imathera kumanda. Munthu wokomoka safuna madzi akuya kuti amire. Akatswiri a ku London atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2008, adapeza kuti odwala khunyu amafa pomira m'madzi mowirikiza ka 15 mpaka ka 19 poyerekeza ndi anthu ena. Ambiri mwa maikowo ndi komwe anthu amapita kumadzi kukangosangalala. Kuli bwanji kwa anthu a m'boma la Nkhata Bay, omwe amadya, kusamba ndi kuyenda ulendo podalira nyanja?

N'chifukwa chake tisaione ngati ya kutali nkhani yomwe ikumveka masiku ano, yoti kwabwera mapulogalamu a pakompyuta otha kuwerenga zochitika muubongo wa munthu wodwala khunyu. Ikukhudza mayi wa ku Mpamba yemwe mwana wake adayamba kugwa atachira malungo. Ikukhudzanso mlovi wa ku Chintheche yemwe akubisa matenda ake poopa kuti mwini chilimira amuchotsa ntchito.

Maganizo anga pankhaniyi ndi oti mapulogalamuwa tiwalandire, tiwayese ndipo tiwafune m'zipatala zathu. Koma abwere panthawi yake. Chipatala chomwe chilibe mankhwala a khunyu mwezi ndi mwezi, chomwe chilibe wachipatala wophunzitsidwa kumvetsera nkhani ya wodwala, sichingapindule kanthu ndi kompyuta ngakhale ikhale yanzeru chotani.

Makinawa amaona chiyani?

Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi tochepa zedi. Timaselo ta muubongo timatumizirana mauthenga mwadongosolo kuti munthu athe kuyenda, kuona ndi kulankhula. Munthu amagwa khunyu pamene gulu la timaselo tathetheka nthawi imodzi mosalongosoka, monga mawaya a magetsi akakhudzana. Ngati kusokonekeraku kwagwira ubongo wonse, munthu amakomoka n'kuyamba kuphupha. Ngati kwagwira mbali imodzi yokha, mwina amangogwedeza mkono, kutafuna pakamwa popanda kanthu kapena kungoti duu kwa kanthawi.

Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye adayamba kujambula timphamvuti pamutu wa munthu mu 1924, ndipo adalengeza zomwe adapeza mu 1929. Makina ojambulirawo ndi omwe achipatala amangowatcha kuti EEG. Pojambula, amamata timawaya pafupifupi 20 pamutu ndi kaphala, wodwala n'kukhala phee kwa mphindi 20 kapena 30. Amamuuza kutseka ndi kutsegula maso, kupuma mwamphamvu kwa mphindi zitatu, nthawi zina n'kumuwalitsira nyali yothwanima. Sizipweteka. Makinawa salowetsa magetsi m'mutu, ndipo sangadziwe zomwe munthu akuganiza.

Chomwe chimatuluka ndi mizere yokhotakhota, yonga mafunde. Mlovi wodziwa nyanja akayang'ana madzi m'mawa amatha kunena kuti lero kubwera mwera, pomwe mlendo akungoona madzi basi. N'chimodzimodzi ndi mizereyi. Katswiri amaona pomwe mzere wasongoka modzidzimutsa, mbali ya mutu yomwe wasongokera ndi kuwirikiza kwake, n'kudziwa mtundu wa khunyu womwe munthu ali nawo. Luso limeneli limatenga zaka kuliphunzira.

Vuto lathu lagona pomwepa. Makina a EEG ndi ochepa m'dziko muno, koma odziwa kuwerenga mizere yake ndi ochepa kuposa makinawo. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2017 lidasonyeza kuti m'maiko osauka muli katswiri mmodzi wa matenda a ubongo ndi mitsempha pa anthu 1 miliyoni alionse, pomwe m'maiko olemera alipo oposa 70. Boma la Nkhata Bay, lomwe pakalembera wa 2018 lidali ndi anthu pafupifupi 285,000, silingayembekeze kukhala ndi katswiri wakewake posachedwa.

Pomwe kompyuta yafika

Ganizo loti kompyuta ithandize kuwerenga mizereyi lidayamba kale. Mu 1982, Jean Gotman wa ku Montreal m'dziko la Canada adapanga njira yoti kompyuta izizindikira nthawi yomwe wodwala wagwa, pofuna kupeputsa ntchito ya madokotala omwe amajambula odwala usana ndi usiku kwa masiku angapo. Lero zipatala zikuluzikulu zimagula mapulogalamu monga Persyst, omwe amaika chizindikiro pomwe pakuoneka pokayikitsa kuti dokotala ayambire pomwepo. Ena monga EEGLAB ndi MNE ndi aulere, ndipo wophunzira wa pa Mzuzu University kapena Kamuzu University of Health Sciences atha kuwatsitsa paintaneti popanda kulipira. Awa adapangidwira ofufuza, osati wachipatala amene ali ndi mzere wa odwala pakhomo.

Zinthu zidasintha kwambiri mu 2023 pomwe akatswiri a ku Norway ndi Denmark adalengeza zotsatira za pulogalamu yotchedwa SCORE-AI. Iyi ndi ya mtundu uja wa makompyuta ophunzira poona zitsanzo zambirimbiri, womwe anthu akungoutcha kuti AI. Adaionetsa zojambula zoposa 30,000 zomwe madokotala adali atawerenga kale, mpaka idayamba kusiyanitsa yokha chojambula chabwinobwino ndi chosonyeza vuto, n'kunenanso mtundu wa vutolo. Atayiyesa pazojambula zatsopano, idakhoza mofanana ndi akatswiri.

Nawo makina ojambulira akuchepa msinkhu ndi mtengo. Pasukulu ya zaumisiri ya Technical University of Denmark adapanga kachipewa ka timawaya 14 kolumikizidwa ku foni ya m'manja, kogwiritsa ntchito batire. Gulu lotsogozedwa ndi Dr Farrah Mateen wa ku Boston lidakayesa m'dziko la mapiri la Bhutan ndipo kenako ku Guinea, kuno ku Africa. Zojambulazo zimatumizidwa paintaneti kwa madokotala a kunja kuti awerenge. Zotsatira za ku Bhutan, zomwe zidatuluka mu 2017, n'zofunika kuzimvetsa bwino. Mwa odwala khumi alionse omwe makina aakulu adawapeza ndi zizindikiro za khunyu, kachipewako kadapeza anayi okha. Koma kakanena kuti vuto lilipo, kawirikawiri kamakhala kakunena zoona.

Tikaphatikiza ziwirizi, makina onyamula m'chikwama ndi pulogalamu yowerenga, titha kuona tsiku lomwe wachipatala wa pa Chintheche adzajambula wodwala m'mawa, n'kulandira yankho asanaweruke, popanda banja kugulitsa bwato kuti lipeze ndalama yoyendera makilomita oposa 500 kupita ku Blantyre.

Ana a Malawi adaphunzitsa dziko

Pankhani ya EEG, dziko lathu si mlendo. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali wodi ya kafukufuku wa malungo yomwe Pulofesa Terrie Taylor ndi malemu Pulofesa Malcolm Molyneux adayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko ana okomoka ndi malungo a muubongo akhala akujambulidwa ndi makina a EEG kwa zaka zambiri. Makinawo adaonetsa chinthu chomwe maso sangaone: mwana atha kugona chete ngati ali mtulo, ubongo wake ukuphupha mkati. Popanda EEG, namwino sangadziwe kuti mwana woteroyo akufunika mankhwala oletsa kuphupha.

Mu 2010, Dr Gretchen Birbeck ndi anzake adalengeza zomwe adapeza atatsatira ana 132 omwe adachira malungo a muubongo pachipatalachi. Ana 12 mwa iwo adayamba kudwala khunyu, pomwe mwa ana 264 omwe adawayerekeza nawo palibe ndi mmodzi yemwe adadwala. Kunena kwina, pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi alionse opulumuka ku malungo amenewa amatsala ndi khunyu, ndipo matendawa atha kuonekera patapita miyezi, makolo ataiwala kale za malungo aja. Mu 2022, ofufuza ena adalengeza ndondomeko ya kafukufuku wa pachipatala chachikulu cha Chipata ku Zambia, wofuna kuona ngati kompyuta ingazindikire m'zojambula za EEG ana omwe adzadwale khunyu asadayambe n'kugwa komwe.

Izi zikukhudza Nkhata Bay mwachindunji. Bomali ndi limodzi mwa maboma a malungo ochuluka, n'chifukwa chake lidali m'gulu la maboma 11 omwe adayamba kulandira katemera wa malungo pomwe Malawi idakhala dziko loyamba kumupereka mu Epulo 2019. Pambali pa malungo pali mavuto a pobereka omwe amasowetsa mwana mpweya, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu pangozi za kabaza pamsewu wa M5, matenda olowa muubongo chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nyama ya nkhumba yosapsa, omwe amafala kudzera m'chimbudzi cha munthu n'kukakhazikika muubongo. Zonsezi zimasiya chipsera muubongo. Palibe ufiti pamndandandawu, ndipo palibe matenda opatsirana kudzera m'thovu la m'kamwa.

Ndani akufunikadi kujambulidwa?

Pali odwala omwe EEG ingasinthe moyo wawo. Woyamba ndi mwana wa sukulu yemwe amangoti duu kwa masekondi khumi, kambirimbiri patsiku, aphunzitsi n'kumamukalipira kuti ndi wogona. Mtundu uwu wa khunyu umaoneka bwino lomwe pa EEG, makamaka mwana akapuma mwamphamvu. Kudziwa mtunduwo n'kofunika chifukwa mankhwala a carbamazepine ndi phenytoin, omwe amathandiza odwala ena, atha kukulitsa vuto la mwana wotere.

Wachiwiri ndi munthu yemwe wamwa mankhwala mokhulupirika kwa chaka koma akugwabe. Mwina akumwa mankhwala osayenera mtundu wa matenda ake, kapena vuto lake si khunyu n'komwe. Anthu ena amakomoka kaamba ka vuto la mtima, kuchepa kwa shuga m'thupi kapena nkhawa yaikulu. Wachitatu ndi mwana wokomoka m'wodi, wonga aja a ku Queens. Wachinayi ndi yemwe watha zaka ziwiri kapena kuposa osagwa, ndipo iye ndi achipatala akufuna kuona ngati angayambe kuchepetsa mankhwala.

Amenewa ndi gulu lofunika, koma ndi lochepa. Odwala ambiri omwe amagwa n'kuphupha thupi lonse amadziwika ndi nkhani yomwe mboni yafotokoza: adayamba bwanji, maso adali otsegula kapena otseka, adadziluma lilime, adadzikodzera, zidatenga nthawi yaitali bwanji, adadzuka ali wosokonezeka kapena ayi. Malangizo a WHO amanena kuti wachipatala wamba wophunzitsidwa bwino atha kuzindikira khunyu yotere ndi kuyamba kupereka mankhwala popanda EEG.

Chikomekome cha mkuyu

Tisanayambe kuvina malipenga polandira makompyutawa, tiyang'ane mkati mwa mkuyu.

Choyamba, EEG imajambula mphindi 30 zokha za moyo wa munthu. Pakati pa kugwa kwina ndi kwina, ubongo wa odwala ambiri umaoneka bwinobwino. Mwa anthu omwe alidi ndi khunyu, theka kapena ochepera pamenepo ndi omwe amaonetsa zizindikiro pakujambulidwa koyamba. Ndiye taganizani bambo wa ku Usisya yemwe wakwera Ilala ndi mwana wake, kompyuta n'kulemba kuti palibe vuto. Ngati palibe womufotokozera kuti yankho limeneli silikutanthauza kuti mwanayo alibe khunyu, bamboyo abwerera kwawo atatsimikiza kuti achipatala alephera, ndipo ulendo wotsatira ukhala wa kwa sing'anga.

Kulakwitsa kwa mbali inayo n'kowawanso. Kuphethira, kutafuna, thukuta, waya wosamatika bwino, ngakhale jenereta yolira pafupi, zonsezi zimalemba mizere yosongoka yomwe ingapusitse munthu ngakhalenso kompyuta. Tsitsi lathu lolimba ndi malukidwe a amayi zimavutitsa kumata timawaya, chifukwa zipangizo zambiri adazipanga poganizira tsitsi la anthu ena. Mtsikana wolembedwa molakwika kuti ali ndi khunyu amamwa mankhwala zaka zambiri pachabe, ndipo tonse tikudziwa zomwe dzina limeneli limachita ku sukulu yake ndi ku banja lake lamtsogolo.

Chachiwiri, kompyuta imadziwa zomwe idaonetsedwa. SCORE-AI idaphunzira pazojambula za odwala a ku Ulaya, komwe kulibe malungo a muubongo. Eni ake adanena poyera kuti sadaiyese pa makanda osakwana miyezi itatu ndi pa odwala mwakayakaya. Izi zikutanthauza kuti mwana wokomoka ndi malungo, yemwe ife tikumudera nkhawa kwambiri, ali kunja kwa zomwe pulogalamuyo idayesedwa. Unduna wa Zaumoyo usalole pulogalamu iliyonse kugamula za odwala athu isanayesedwe pa Amalawi, zotsatira zake n'kuyerekezedwa ndi zomwe akatswiri awerenga. Njira yake tikuidziwa. Mapulogalamu owerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza TB adayesedwa pachipatala cha Bangwe ku Blantyre, ndipo WHO idavomereza mapulogalamu a mtunduwu mu 2021 utapezeka umboni wokwanira. Za ubongo zidutsenso pachipata chomwecho.

Chachitatu ndi magetsi, netiweki ndi kukonza. Aliyense wolowa m'chipatala cha boma adaonapo makina a mphatso atafunditsidwa nsalu pakona chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi. EEG imafuna kaphala komatira, timawaya tosinthira, batire ndi munthu wodziwa kuyeza mutu kuti kawaya kalikonse kakhale pamalo pake. Mapulogalamu ena amalipiridwa chaka ndi chaka m'madola, ndalama yomwe dziko lino likuisowa ngakhale yogulira mafuta a galimoto. Wopereka mphatso afunsidwe asanatsitse katundu kuti adzalipira ndani pulojekiti ikatha.

Chachinayi ndi chinsinsi. Chojambula cha ubongo chikatumizidwa kunja chili ndi dzina, mudzi ndi matenda a munthu, chimakasungidwa kuti, ndipo akuchiona ndani? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu lomwe lidakhazikitsidwa mu 2024. Wodwala kapena kholo lake afotokozeredwe m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, avomere akumvetsa, ndipo zojambula za Amalawi zisakalemeretse makampani a kunja ife tikudzagulanso nzeru zomwezo pamtengo wokwera.

Phunziro la ku Embangweni

Amene akukayika zoti khunyu ingagonjetsedwe popanda makina apite kuseri kwa mapiri a Viphya, ku Embangweni m'boma la Mzimba. M'zaka za m'ma 1980, dokotala wina wa pachipatala cha mishoni kumeneko, A. E. Watts, adaona kuti odwala khunyu sabwera kuchipatala ngakhale adali ambiri m'midzi. Adakonza dongosolo losavuta. Adalengeza m'midzi kuti matendawa ali ndi mankhwala. Adaphunzitsa ogwira ntchito ndi odwala omwe. Adagwiritsa ntchito mankhwala awiri okha, phenobarbitone ndi phenytoin, aulere, ndipo adaonetsetsa kuti asathe. Wodwala amaonedwa mwezi ndi mwezi ndi wachipatala yemweyo, ndipo kwa okhala kutali chipatala chimawatsatira.

Malinga ndi zomwe adalemba m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal mu 1989, patatha zaka ziwiri odwala 461 adali atalembetsa. Mwa omwe adamwa mankhwala kwa miyezi isanu ndi umodzi, oposa theka adasiyiratu kugwa. Padalibe EEG, kompyuta kapena foni ya m'manja. Dongosolo la ku Embangweni limatchulidwabe m'mabuku a zaumoyo ngati chitsanzo cha momwe maiko osauka angathandizire odwala khunyu. Ku Neno nako, kuyambira mu 2015, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi boma lidaika odwala khunyu m'kiliniki imodzi ndi a shuga, BP ndi HIV, kuti azilandira chithandizo kuchipatala chapafupi ndi kwawo.

Ziwerengero za WHO zikugwirizana ndi zimenezi. Padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni odwala khunyu, ndipo 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Anthu ofika 70 mwa 100 alionse atha kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera, omwe ena mtengo wake ndi madola asanu okha pachaka. Komabe m'maiko osauka, atatu mwa odwala anayi alionse salandira chithandizo. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 200,000 odwala khunyu, ndipo awa ndi okhawo omwe mabanja awo adalimba mtima kuulula.

Anthu atatu mwa anayi aja sakusowa chithandizo chifukwa chosowa kompyuta. Akusowa chifukwa cha mtunda, manyazi, zikhulupiriro ndi mashelefu opanda kanthu. Ndipo kutha kwa mankhwala a khunyu kumaposa kutha kwa panado. Munthu yemwe wakhala akumwa phenobarbitone akasiya mwadzidzidzi atha kugwa mowirikiza osatsitsimuka, zomwe zimapha. Kuuza wodwala wa ku Usisya kuti "mwezi uno kulibe, kaguleni kufamase" n'kumuuza kuti akafe bwino, chifukwa famase yapafupi ili kutsidya kwa mapiri kapena ulendo wa panyanja.

Ena anganene kuti ngati zili choncho, za makompyutazi tizisiye mpaka tidzalemere. Sindikugwirizana nawo. Akatswiri a ubongo sadzakwana m'zaka 20 zikubwerazi, ndipo mwana wongoti duu m'kalasi ku Mpamba sangadikire zaka zimenezo. Komanso si mapulogalamu onse omwe amafuna makina a EEG. Dr Victor Patterson wa ku Belfast adapanga pulogalamu ya pafoni yotsogolera wachipatala pamafunso oyenera kufunsa, ndipo idayesedwa ku Nepal ndi ku India. Mu 2023, ofufuza a ku Oxford ndi anzawo a mu Africa adalengeza njira ya mafunso asanu ndi atatu okha yozindikirira khunyu yophupha, yomwe adaipanga pogwiritsa ntchito mbiri za odwala a ku Kenya, Tanzania, Uganda, Ghana ndi South Africa. Zida zotere zimangofuna foni yomwe alangizi a zaumoyo ambiri ali nayo kale. Ngati tikufuna kuyamba ndi kompyuta, tiyambire pamenepa.

Zoyenera kuchita

Mu 2022, maiko a m'bungwe la WHO, kuphatikizapo Malawi, adagwirizana za ndondomeko ya zaka khumi yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a ubongo. Adalonjeza kuti pofika 2031 chiwerengero cha olandira chithandizo chidzakwera ndi theka. Lonjezoli lidzayesedwa m'malo ngati Usisya.

Khonsolo ya Nkhata Bay ndi akuluakulu a zaumoyo m'bomali ayambe ndi kaundula wa odwala khunyu pachipatala chilichonse, kuyambira Chintheche, Kande, Mpamba mpaka Usisya, kuti poitanitsa mankhwala ku Central Medical Stores Trust aziitanitsa potengera anthu enieni. Pakhale tsiku lodziwika la kiliniki ya khunyu mwezi uliwonse, ndipo kwa omwe matenda awo akhazikika, apatsidwe mankhwala a miyezi itatu monga zimachitikira ndi ma ARV, makamaka dzinja likamayandikira pomwe msewu wa ku Usisya umavuta. Aphungu ndi makhansala azifunsa za mankhwalawa pamisonkhano ya khonsolo monga amafunsira za milatho.

Achipatala aphunzitsidwe mobwerezabwereza, chifukwa mankhwalawa ali ndi malamulo ake. Sodium valproate atha kuvulaza mwana wosabadwa, choncho si woyenera kungopatsa mtsikana kapena mayi wa msinkhu wobereka. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafooketsa mphamvu ya njira zina zolera, monga ya pamkono, komanso ya ma ARV ena. Mankhwala a levetiracetam, omwe sasokonezana kwambiri ndi mankhwala ena, adalowa pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira mu 2023, ndipo boma liganizire zowafikitsa m'maboma. A St John of God ku Mzuzu, omwe akhala akuthandiza odwala khunyu ndi kuphunzitsa achipatala kwa zaka zambiri, ali pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera paboma.

Izi zikakhazikika, makina amodzi a EEG onyamulika akhale pachipatala chachikulu cha boma ku Mkondezi, ndi anthu awiri ophunzitsidwa kujambula, oyendera zipatala zing'onozing'ono patsiku la kiliniki. Kompyuta isanthule zojambula zonse n'kupatula zokayikitsa, katswiri wa ku Blantyre, Lilongwe kapena kunja azione paintaneti, ndipo wachipatala yemwe akumudziwa wodwalayo ndiye agamule. Pakalakwika, payenera kukhala munthu woyankha, chifukwa kompyuta sitingaiitanire kubwalo.

Nanu makolo ndi achibale, chida champhamvu chili kale m'manja mwanu. Wodwala akagwa, wina amuteteze pomuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, amuikire chofewa kumutu, ndipo kuphupha kukatha amugoneke chammbali. Musamuike supuni, chala kapena madzi m'kamwa. Ngati pali munthu wachiwiri, ajambule kanema pafoni, thupi lonse ndi nkhope, kuti mukaonetse achipatala okha basi, osati kutumiza pa WhatsApp. Kanema wa mphindi imodzi amauza dokotala zambiri kuposa EEG yojambulidwa tsiku lomwe munthu ali bwino. Lembani tsiku lililonse lomwe wagwa kumapeto kwa buku lake la kuchipatala. Kuphupha kukapitirira mphindi zisanu, thamangirani kuchipatala.

Eni zilimira nawo asathamangitse mlovi yemwe waulula matenda ake. Kuchezera usiku panyanja ndi mowa zimaputa kugwa, choncho mpaka achipatala atanena kuti matendawa akhazikika, mupatseni ntchito ya kumtunda monga kusoka maukonde, kuyanika usipa pathandala kapena kugulitsa. Mlovi wodziwa kuti akaulula sataya ntchito sangabise, ndipo wosabisa safera m'madzi. Mayi wodwala khunyu asapite yekha kunyanja, ndipo aphikire pambaula yotchinga moto monga Changu Changu Moto yomwe bungwe la Ripple Africa lidafalitsa m'midzi ya kuno, m'malo mwa mafuwa atatu.

Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Wa pamphuno pathu lero ndi mbewu ya mankhwala yotsika mtengo, wachipatala womvetsera ndi mudzi wosathawa wodwala. Tikasunga zimenezi, tsiku lomwe kompyuta yowerenga ubongo idzafike pa Chintheche idzapeza kaundula wa odwala, mankhwala oti ithandize kusankha ndi anthu okhulupirira chipatala chawo. Ikadzafika izi kulibe, idzafunditsidwa nsalu pakona ngati makina ena aja, anthu akupitiriza kuvuula abale awo m'nyanja.